Simbi Imene Watulutsa M'chikwama

Msongwe, Mzuzu
Lachinayi madzulo

Tamanda mwana wanga,

Masiku ano aliyense akukutcha make Lusayo, ndipo nanenso pagulu ndimatero, koma m'kalata muno undilole ndikutche dzina limene ndinakupatsa ndekha. Ndakhala pakhonde pano pamene iwe ndi mayi ako mukukangana m'nyumbamo za kamangidwe ka katundu. Mawa m'mawa galimoto ikubwera kudzakutenga, iwe ndi mwana, kupita ku Karonga kumene bambo a Lusayo akudikira. Ndikanatha kukuitana n'kukuuza zonsezi pakamwa, koma umandidziwa. Nkhani ikandigwira mtima ndimayamba kutsokomola, kenako ndimapezeka ndikufunsa za nyengo. N'chifukwa chake ndalemba.

Nkhani yake ndi ya simbi ija. Masana ano ndinaikulunga m'chiguduli n'kuiika pansi penipeni m'chikwama chachikulu, ndipo iwe utaipeza unaitulutsa uku ukuseka. Unati, "Adadi, chitsulo chimenechi ndikachite nacho chiyani? Kunyumba kuli magetsi, simbi yamagetsi ilipo, ndiye matewera a masiku ano sachapa, timangotaya." Mayi ako anaseka nawe, nane ndinaonetsako mano kuti ndisaoneke wokalamba. Sindinakwiye. Simbiyo ndi yakuda, ndi yolemera, katambala kake kotsekera ndinachita kukamanga ndi waya, ndipo m'nyumba ya anthu awiri ophunzira ikaoneka ngati mlendo wosaitanidwa. Komabe ndikufuna upite nayo, chifukwa cha khungu la mdzukulu wanga.

Wakula ukundiona Loweruka lililonse ndikukupiza makala pakhonde n'kumasita chilichonse cholowa m'nyumba muno, kuyambira mashati, zitenje, matawulo, zoyala pabedi, mpaka masokosi. Anzako ankabwera kudzandionerera ngati kanema. Ndikudziwa kuti umaganiza kuti ndi matama a kalaliki wakale wa boma amene amadana ndi makwinya. Nkhani yoti unatuluka mphutsi uli khanda unaimvapo, pakuti mayi ako amaikamba paliponse pamene pali anthu ofuna kuseka, koma amaiyambira pakati n'kuithera pamene anthu asekera. Lero uimve kuyambira kumutu, popeza tsopano uli ndi khanda lakolako.

Ndinafika mu Mzuzu muno ndili mnyamata, boma litanditumiza kuchokera kwathu ku Dowa. Tauniyi inali yaing'ono, yunivesite imene iwe waphunzirako inali ikungoyamba kumene, ndipo kuno ku Msongwe kunali tchire loti munthu sungaganize zomangako. Mabwana ankakhala ku Katoto, ife timakalaliki tinkachita lendi ku Ching'ambo. Chimene chinandizunguza mutu si chilankhulo kapena kuzizira ayi, koma kuchapa. Kwathu ukachapa m'mawa n'kuyanika pa udzu, pofika masana zauma. Kuno shati inkagonera pachingwe, m'mawa chifunga, masana mvula yowaza, madzulo chifunga chabweranso. Mnzanga wina wa kuofesi, wakwathu komweko, anandiphunzitsa nzeru. Anati popeza jekete sitivula tsiku lonse chifukwa cha kuzizira, palibe chifukwa chovutikira ndi shati yonse. Ungosita kolala, pachifuwa ndi kumapeto kwa mikono, basi. Ndinkabwereka simbi yake n'kuchita zomwezo, ndipo kutsogolo ndinkaoneka bwana pamene kumsana ndinali ngati tsamba la fodya wouma. Ndinazolowera kuganiza kuti munthu amasita chimene anthu achione. Maganizo amenewo ndi amene anadzakulumitsa iwe.

Unabadwa tili komweko ku Ching'ambo, m'nyumba za mdadada zoyang'ana bwalo limodzi. Utayamba kukwawa, m'nyengo ya mvula, mayi ako anadwala chibayo choopsa n'kugonekedwa kuchipatala. Mayi ako aang'ono anabwera kuchokera kumudzi, koma anakakhala kuchipatalako kuwasamalira, ndiye iwe unatsala ndi ine. Ndinatenga tchuthi kuntchito. Kuphika phala ndinkatha, kukubereka n'kupita nawe kukayamwa kuchipatala ndinkatha, koma matewera anandiyesa. Kuchapako sikunali vuto. Vuto linali kuyanika. Pakati pa bwalo panali waya mmodzi wautali, pamtetete pamene dzuwa likatuluka linkafika, ndipo pamenepo panali pa amayi. Ine, mwamuna wa tayi, ndikaime pakati pawo ndi beseni la matewera? Ndinachita manyazi, mwana wanga. Ndinkachapa anthu asanadzuke n'kukayanika kuseri kwa nyumba, pa mpanda wa zitsamba, pansi pa mtengo wa mapeyala. Panali pamthunzi, pansi pake pachinyontho, chimbudzi chili pafupi, ndipo galu wa eni nyumba ankagona pomwepo. Matewera, timavesiti tako, chitenje chokuberekera, zonse zinkauma mokakamiza pamenepo. Ndikaanula ndinkangopinda. Kusita thewera sindinakuganizepo n'komwe, nanga ndani amaona thewera?

Usaiwale, Tamanda. Zovala za mwana uziyanika m'mwamba, pachingwe, padzuwa. Osati pa udzu, osati pa mpanda, osati pansi pa mtengo. Ndipo zikauma uzisita, kunja ndi mkati.

Khoma ndi khoma ndi ife kunkakhala mayi wina dzina lake aNyaMhango. Ukuwadziwa, ndi agogo aja a ku Ching'ambo amene ankakupatsa nthochi uli kupulayimale. Nthawi imeneyo anali mayi wamphamvu zake, wa mawu okuwa, woti akamapereka moni umayesa akukalipa. M'mawa wina anandipeza kuseri kuja ndikuyala matewera pa zitsamba. Anati, "Yayi adada, pamthunzi apo yayi. Pali ntchentche. Bweretsani pa waya, ine nikupatsani malo." Anayankhula Chichewa chomveka bwino, sindinganame kuti sindinamve. Koma mumtima ndinati mayi awa akufuna akandiimike pabwalo kuti anzawo aseke. Ndinati yewo, zikomo wa kuno, iwo atangotembenuka ndinapitiriza kuyala. Patapita masiku, pobwera kuchipatala, ndinapeza matewera ako onse ali pa waya, atapanidwa bwinobwino. Anali atawasuntha okha. M'malo mothokoza ndinatupa mtima. Nditamuuza mnzanga wa kolala uja, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Achimwene, kuno n'kwa eni. Zovala za khanda salola munthu wachilendo kuzigwira. Mudziwa bwanji chimene akufuna?" Ndinamvera iyeyo, amene analibe ngakhale mwana, n'kusiya mayi amene analera ana ake onse pabwalo lomwelo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayanika kuseri komweko, koma mkati mwenimweni mwa zitsamba kuti asazione.

Ukafika kumene ukupitako udzapeza amayi okhala nawo pafupi. Ena adzakhala olongolola, ena adzakuuza zinthu ndi mawu amene sudzawakonda. Usayambe wayeza kamvekedwe ka mawu, yamba wamva chimene akunena. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, chifukwa ndinauzidwa osafunsa n'komwe ndipo phulalo ndinadyabe.

Tizilonda tinayamba ngati polumidwa ndi udzudzu. Timadontho tofiira kumsana kwako, kwina m'ntchafu. Ndinati n'zazing'ono. Koma m'malo mozilala tinayamba kutupa, kulimba, kutentha, ndipo kalikonse kanali ndi kakamwa kakang'ono pamwamba kotuluka timadzi. Unasiya kugona chagada. Ndikakubereka unkalira, ndikakutsitsa unkalira, ndipo nthawi zina unkadzidzimuka n'kukuwa ngati wina wakubaya ndi singano. Popita nawe kukayamwa ndinkakukulunga kwambiri kuti mayi ako asaone, poti nawonso anali kupuma movutika ndipo sindinafune kuwawonjezera nkhawa. Ndinayesa kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda, osathandiza. Ndinati mwina ndi zithupsa, koma zithupsa zanji zotuluka pamodzi chonchi pa mwana mmodzi? Pamenepo mawu a mnzanga uja anabwerera m'mutu. Ndinakumbukira manja a aNyaMhango pa matewera ako. Ine mwana wa mkulu wampingo, woimba kwaya, ndinafika pofunsa mnzangayo ngati akudziwa munthu woombeza. Mantha amapusitsa, mwana wanga, ndipo ndinali ndi mantha amene sindinakhalepo nawo chibadwire. Ndinkaona kuti mkazi wanga ali m'chipatala, ndipo mwana amene anandisiyira akundifera m'manja.

Linali Lamlungu masana, kadzuwa katatuluka pang'ono, pamene ndinamva odi pakhomo. Ndisanayankhe, aNyaMhango anali atalowa kale.

"Adada, mwana uyu walira chomene. Khoma ili n'lopyapyala, ine nili na makutu. Nipatseni."

Ndinakufungatira n'kubwerera m'mbuyo. Ndinati, "Ali bwino, mayi. Ndi mano akumera."

Anandiyang'ana mmene ndinakugwirira, dzanja limodzi kumutu, lina m'miyendo, kumsana osakhudzako. Anati, "Mano amamera kumsana?"

Anakutenga m'manja mwanga ngati akulanda mpeni kwa mwana, natuluka nawe pakhonde powala. Anakhala pansi, anakugoneka chafufumimba pamiyendo pawo n'kukuvula kavesiti. Anayang'ana pang'ono chabe, kenako anaitana mwana wawo kuti abweretse botolo la mafuta odzola, olimba aja osayenderera. Anamata mafutawo mochindikala pa kotupa kalikonse mpaka timakamwa tonse titatsekeka. Atatero anati, "Sono tilindire," n'kuyamba kukusisita m'mutu uku akung'ung'udza kanyimbo.

Ine ndinaima chilili, osadziwa ngati ndikuonerera mankhwala kapena zimene ndinkaziopa zija. Ndinafunsa kuti tikudikira chiyani. Anati, "Khalani pasi, adada, mukunitchinga dzuwa." Ndinakhala. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita nthawi ndinaona mafuta aja akugwedezeka pa chotupa chimodzi. Kanthu koyera kanasuzumira, kanabwerera, kanasuzumiranso. ANyaMhango anaika zala zawo zazikulu uku ndi uku, kutali pang'ono ndi kakamwa kaja, nakanikiza pang'onopang'ono, ndipo kanatuluka kathunthu, konenepa, koyera ngati njere ya mpunga wophika, kakuyenda. Anakaika pa tsamba. Anapita pa china, n'china, iwe ukulira mpaka mawu kutha. Ine ndinathawira kuseri kwa nyumba, pa zitsamba zanga zomwe zija, ndipo ndinasanza. Nditatha kusanza ndinalira ngati mwana.

Pobwerera ndinapeza wagona tulo pamiyendo pawo, tulo tako toyamba tabwino pa masiku onsewo. ANyaMhango sanandiseke. Anandionetsa tsamba lija n'kunena kuti, "Ni mphutsi izi, adada. Palibe munthu wamulodza mwana. Ntchentche imaikira mazira pa chovala chonyowa chili pamthunzi, makamaka chonunkha mkodzo, kapena pa dothi pamene agona agalu. Mazira simungawaone. Mwana akavala, thupi likafunda, tinthu timaswa n'kulowa m'khungu, n'kumakula momwemo. Mafuta awa amatitseka mpweya, ndiye timatuluka tokha." Kenako analoza chotupa chimodzi cha pantchafu chimene chinali chofiira kwambiri ndi mafinya. Anati chimenecho sachigwira, ndipite nacho kuchipatala m'mawa, ndipo ndinapitadi. Akunyamuka anawonjezera mawu amene mpaka lero amandiyaka m'makutu. Anati, "Nikudziwa mumaganiza kuti ndine. Palibe kanthu. Munthu akaopa amaganiza chilichonse."

Ukadzaona kotupa kotero pa Lusayo, Mulungu aletse, usadzakabaye ndi singano ndipo usadzafinye mwaukali, chifukwa kanthuko kakaphulikira mkati bala limavuta. Mata mafuta, dikira, ndipo ngati pafiira kwambiri, pali mafinya, kapena mwana watentha thupi, thamangira kuchipatala osadikira kuti kuche kawiri. Ndiponso usadzabise kwa bambo ake monga ndinabisira mayi ako. Atatuluka m'chipatala n'kuona mabala ako, anandikalipira chifukwa cha kubisako kuposa chifukwa cha mphutsizo.

Madzulo a Lamlungu lomwelo aNyaMhango anabweranso, atanyamula simbi, makala ali kale mkati akuyaka. Ndi yomweyi watulutsa m'chikwamayi. Anayala bulangete patebulo n'kundiuza kuti nditulutse chilichonse chimene chimakhudza thupi lako. Ndinayamba kusita thewera pamwamba pokha, mwachangu, monga ndinkachitira ndi kolala. Anandigwira dzanja. Anati, "Imwe mukusitira maso a wanthu. Sitirani khungu la mwana." Anatembenuza theweralo, anandionetsa m'misoko ndi m'mphepete mopindidwa mmene nsalu imachindikala, nati m'menemo ndi mmene mazira amabisala, simbi izikhalitsamo. Tinasita matewera, timavesiti, tizipewa, zofunda zako, mpaka chitenje chokuberekera, chimene ine sindinaganizepo kuti munthu angasite. Ndipo chitenjecho ndi chimene chinkakhudza msana wako tsiku lonse.

M'mawa mwake, nditabwerako kuchipatala, ndinatuluka ndi beseni la matewera dzuwa lili pamwamba, amayi onse ali pabwalo, n'kupita pa waya. Ndinkayenda ngati ndikupita kukaimbidwa mlandu. Mayi wina anaimba nthungululu, wina anafuula kuti, "Afika abwana a matewera!" ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko. Koma akuseka choncho ankasuntha zovala zawo kundipatsa malo a pakati, pamene dzuwa limakhalitsa, ndipo wina anandibwereka zopanira. Kuseka kumene ndinakuopa masiku onse aja kunatha ndisanamalize kuyanika. Dzina lokha ndi limene linakhala. Linafika mpaka kuofesi, ndipo pali madala ena opuma ntchito amene tikakumana kumsika amandiitanabe choncho. Ndimayankha ndi mtima wonse.

Usaganize kuti kuyambira pamenepo ndinasanduka katswiri. Munthu amene walumidwa amapitirira muyeso. Ndinayamba kusita chilichonse ndi moto waukali ngati ndikulipsira. Malamba a mphira a timakabudula tako anatha mphamvu onse, tinkangokuvuka ukamayenda. Choopsa chinali bulauzi yoyera ya mayi ako ya kumpingo, imene anaisunga kuti adzavale tsiku lokathokoza Mulungu atachira. Ndinaika simbi makala akuthetheka, kaphulusa kanagwera pa kolala, ndipo pofuna kukachotsa ndinaiwala simbi pamsana pa bulauziyo. Inasiya chithunzi chake chonse, chofiirira, ngati chidindo. Mayi ako anakathokoza Mulungu atavala bulauzi yobwereka, ndipo ine sabata imeneyo ndinkadya mwakachetechete. Ndiye tamvera. Makala uziyamba wawasiya agwire moto mpaka utsi utatha. Katambala uzitseka n'kumanga waya wake, chifukwa kakatseguka makala onse amakhuthukira pa chovala. Pansi pake uzipukuta ndi kansalu, ndipo uziyamba wayesa pa chiguduli. Zovala zoterera ndi za mphira uziyala kansalu kopyapyala pamwamba n'kusita podutsa pamenepo. Kutentha kumafika ndithu, chovala osapsa.

Wanena kuti kuli magetsi. Ndikuvomera, ndipo yamagetsiyo uzigwiritsa ntchito, imapha mazira chimodzimodzi. Koma iwe ndi ine tikudziwa nthawi imene magetsi amakonda kuthima. Ndi nthawi ya mvula, tsiku limene zovala zauma mokayikitsa, mwana wanyowetsa zonse, ndipo chouma chatsala n'chimene chili pachingwe. Tsiku limenelo udzati, lero lokha ndingomuveka, mawa ndisita. Ntchentche sidziwa lero lokha. Tsiku limenelo ndi limene ndikufuna simbi yakudayi idzakhale pakona, ndi timakala pang'ono m'chitini.

Wanenanso kuti matewera ndi otaya. Zoona, ndipo ndikanakhala nawo nthawi ija bwenzi ndilibe dzina kumsika. Koma vesiti sutaya, tawulo sutaya, zofunda sutaya, chitenje sutaya. Ndakuona miyezi ino ukuyanika zitenje zako zatsopano pamthunzi kuti zisasuluke, monga amachitira amayi onse okonda zitenje zawo. Kunoko sindinanene kanthu, chifukwa ukalowa m'nyumba ndinkazitenga n'kuzisita. Ku Karonga kuli kutentha, kuli mitengo ya mango pakhomo lililonse, ndipo mthunzi wake udzakukopa. Chitenje chisuluke, mwana wanga, msika uli nazo zambiri. Ndipo ukadzayamba ntchito, aliyense amene azidzakuchapira usadzangomulamula kuti azisita. Udzamuuze chifukwa chake, pakuti munthu amene sadziwa chifukwa amasita kolala yokha.

Apa ndiye pamene ndakulakwira pokukonda. Anzako a kuyunivesite ankakhala m'tizipinda ta lendi tija tadzaza tauni yonse, ndipo ndikamadutsa ndinkaona zovala zawo zili pa mipanda, pa udzu, pa mulu wa njerwa. Tsiku lina ndinaima n'kumuchenjeza mnyamata wina, iye anangoti, "Yewo madala," mahedifoni ali m'makutu. Iwe unkachokera pakhomo pano, ndipo Lolemba lililonse unkapeza zovala zako zili pampando, zopinda, zofunda bwino. Ndinakusitira kuyambira yunifolomu ya sukulu ya mkaka mpaka mkanjo wa tsiku lomaliza maphunziro. Sunalumidwenso ngakhale kamodzi, ndiye sunaone chifukwa choopera. Ndinkasangalala kukuchitira, ndipo ndinaiwala kuti tsiku lina udzapita kumene dzanja langa silifika.

Sindikudandaula ayi. Ndikakhala pakhonde pano n'kuyang'ana nyumba zimene zamera pamene panali tchire, ndimaona kuti Mulungu wandichitira zazikulu mu tauni ya eni ino. Ndinabwera ndi sutikesi imodzi ndi mantha a anthu amene sindinkawadziwa, ndipo anthu omwewo ndi amene anandipulumutsira mwana. Mayi ako anachira, ndi awo akukulamula m'nyumbamo. Iwe unakula, unaphunzira, ndipo wakwatiwa ndi mwana wa kumpoto konkuno, amene ndimamukonda ngakhale amasita thalauza mizere iwiri. Zikomo chifukwa unasankha kudzachirira pakhomo pano. Wandipatsa miyezi imene sindinaiyembekezere, yogwiranso timalaya tating'ono ngati chikhatho changa, totuluka kanthunzi konunkhira sopo simbi ikadutsa. Unkati ndikudzivutitsa. Sindinkadzivutitsa, ndinkathokoza.

Iwe utasiya matewera ndinapita kukabweza simbi kwa aNyaMhango. Anakana. Anati mwana wawo wawagulira yamagetsi, ndipo iyi ndisunge, ndidzakupatse iwe ukadzakhala ndi wako. Ndinayesa nthabwala, poti nthawi imeneyo unali kamwana kothamanga ndi kabudula wovuka. Sabata yatha ndinapita ku Ching'ambo kukawauza kuti ukunyamuka. Bwalo lija linasintha, pamene panali mtengo wa mapeyala anamangapo zipinda za ana asukulu, koma iwo alipo, maso okha ndi amene achita mdima. Mawu ndi omwe aja. Nditangotchula dzina lako anafunsa kuti, "Simbi mwamupatsa?" Ndinati ndimupatsa. Anati, "Mumuuze asite na chitenje wuwo." Ndiye waona, simbiyi si yanga kuti ndikuumirize mphatso. Ndi yako kuyambira kale, ine ndinangokhala wosunga. Lamlungu likubwerali ndikawaonanso, ndipo adzafunsanso.

Ndaibwezera m'chiguduli chake ndipo ndaiika pafupi ndi chitseko, pambali pa beseni la mwana. Sindiibisanso m'chikwama, ndipo mawa sinditchula za iyo pamaso pa dalaivala. Zovala zonse za Lusayo zimene zinali pachingwe lero ndasita, kunja ndi mkati, ndi zitenje zomwe, moti masiku oyamba ukhoza kupuma. Zikadzatha zimenezo n'kuchapa koyamba kumeneko, udzakumbukire: m'mwamba, padzuwa, ndipo usite ngakhale chimene palibe adzachione.

Pali chinthu chimodzi chimene iwe sunachionepo bwino, chifukwa chili kumsana kwako. Ndi tizipsera tating'ono, tozungulira, pansi pa phewa lamanzere. Tsiku la ukwati wako unavala diresi yotsika kumsana, ndipo pamene ndinakusiya kutsogolo n'kubwerera pampando wanga, anthu onse ankaona nsalu ndi maluwa, ine ndinkaona timeneto. Ndinathokoza Mulungu kuti tinathera pa zipsera. Dzulo posambitsa Lusayo unandipatsa kuti ndimupukute, ndipo ndinayendetsa dzanja pamsana pake. Ndi posalala, palibe ngakhale kadontho. Ndikukupatsa ali choncho.

Uyende bwino, mwana wanga. Ukapereke moni kwa bambo a Lusayo. Mukadzabwera pa Khirisimasi usadzadabwe ndikadzayamba ndalandira mwana ndisanakupatse moni, n'kumukweza kamalaya kumsana.

Ndine bambo ako,
abwana a matewera